Kuyezetsa Magazi Pofufuza Matenda a Myasthenia Gravis: Zoyenera Kuchita ndi Zoyenera Kufunsa

Munthu amadzuka m'mawa ali bwinobwino, koma dzuwa likamapendeka chikope chimodzi chimayamba kugwa chokha. Akayang'anitsitsa chinthu amachiona pawiri. Akamadya, nsagwada zimatopa chakudya chisanathe, ndipo akalankhula kwa kanthawi mawu amayamba kutulukira m'mphuno. Akapumula, mphamvu zimabwerera. Kufooka kotereku, kumene kumakula minofu ikagwira ntchito n'kuchepa munthu akapumula, ndi kumene kumapangitsa dokotala kuganizira za myasthenia gravis. Ndi matenda osowa ndithu: pa anthu miliyoni imodzi, amene ali nawo amakhala pafupifupi 150 mpaka 200. N'chifukwa chake ambiri amazunguzika miyezi kapena zaka akuuzidwa kuti ndi kutopa chabe, nkhawa kapena vuto la maso. Amakonda kugwira amayi osapitirira zaka 40 ndi abambo opitirira zaka 50, koma angathe kuyamba pa msinkhu uliwonse.

Kuti mumvetse zimene a ku labotale amafufuza, muyenera kudziwa pamene pagona vuto. Ubongo ukafuna kuti mnofu ugwire ntchito, uthenga umayenda m'minyewa mpaka kukafika pamene mnyewa umakumana ndi mnofu. Pamenepo mnyewa umatulutsa madzi otchedwa acetylcholine, ndipo mnofu uli ndi timalo tambirimbiri tolandirira madziwo. Acetylcholine ali ngati kiyi, timalo tija ndi maloko ake. Kwa munthu wodwala myasthenia, chitetezo cha m'thupi chimasokonekera n'kupanga ma antibody (timapuloteni timene timayenera kulimbana ndi majeremusi) olimbana ndi malokowo: ena amawatseka, ena amachititsa kuti mnofu uwameze msanga, ena amaitana mphamvu zina za chitetezo kuti ziwononge malo onsewo. Makiyi amakhalapo okwanira, koma maloko otseguka amachepa. Ma antibody amenewa amayenda m'magazi, ndipo kuyeza konse kumene tikambe pano ndi kowafufuza iwowa.

Musanatengedwe magazi

Poyamba penipeni, kumbukirani kuti kuyezaku kumathandiza dokotala amene wakuonani kale ndipo ali ndi chifukwa chokayikirira matendawa. Si kuyeza kongofunsa chifukwa munthu akumva kutopa. Ndiye pitani kwa dokotala mutakonzeka. Lembani tsiku limene vuto linayamba, nthawi imene limakula, ndi ntchito zimene zimakukanikani: kupesa tsitsi, kukwera masitepe, kudzuka pampando, kumeza. Jambulani nkhope yanu pafoni m'mawa ndi madzulo kwa masiku angapo. Ndimalimbikira za zithunzizi chifukwa odwala ambiri amaonana ndi dokotala m'mawa, nthawi imene chikope chili m'malo mwake, ndipo amabwerako akuoneka ngati amangodandaula zopanda pake. Tengani mankhwala onse amene mukumwa, m'mapaketi mwake, ngakhale amene munagula nokha.

Dokotala angakuuzeni kuti muyang'ane m'mwamba osaphethira kwa mphindi imodzi kapena ziwiri kuti aone ngati chikope chitsike, kapena kuti mutambasule manja mpaka atatopa. Angaikenso ayezi wokulunga m'kansalu pachikope chogwacho kwa mphindi 2. Kuzizira kumathandiza kuti uthenga udutse bwino, choncho ngati chikope chakwera ndi mamilimita 2 kapena kuposa pamenepo, chimakhala chizindikiro champhamvu.

Pali zizindikiro zina zimene sizidikira labotale. Ngati munthu akubanika, akulephera kugona chagada, akutsamwa ndi malovu ake omwe, mutu ukumugwera kutsogolo, kapena sangathe kuwerenga kufika pa 20 ndi mpweya umodzi, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Minofu yopumira ikafooka munthu angathe kumwalira m'maola ochepa, ndipo madokotala amayamba chithandizo asanaone zotsatira zilizonse.

Funsani kuti akuyeza antibody uti

Mawu akuti "tiyeza magazi" sakwanira. Ma antibody a matendawa alipo a mitundu itatu, ndipo amayezedwa motsatana.

Oyamba, omwenso ndi ofunika kwambiri, ndi olimbana ndi timalo tolandirira acetylcholine tija. Pafomu amalemba kuti AChR. Amapezeka mwa odwala pafupifupi 85 pa 100 alionse amene matendawa awagwira thupi lonse, koma mwa pafupifupi theka lokha la amene matendawa ali m'maso mokha. Ma labotale ena amagawa kuyezaku patatu: binding (ma antibody omamatira pa timalo tija), blocking (otitseka) ndi modulating (ochititsa kuti mnofu utimeze). Koyambira ndi binding; enawo amawonjezera pang'ono chabe, ndipo sindiona chifukwa choti munthu alipire onse atatu pa ulendo woyamba pokhapokha dokotala wa minyewa atanena.

AChR akapanda kupezeka, chotsatira ndi MuSK. Iyi ndi puloteni imene imasonkhanitsa timalo tolandirira tija kuti tikhale pamodzi pamnofu, ndipo ma antibody olimbana nayo anadziwika mu 2001 pa kafukufuku wa Werner Hoch ndi Angela Vincent pamodzi ndi anzawo. Amapezeka mwa odwala pafupifupi 5 mpaka 8 pa 100 alionse, ambiri mwa iwo amayi. Matenda a mtundu uwu amakonda kugwira nkhope, lilime, kummero, khosi ndi minofu yopumira. Ngati vuto lalikulu la wodwala ndi kumeza, kulankhula kapena kupuma, ndi nzeru kupempha AChR ndi MuSK nthawi imodzi m'malo modikira zotsatira zoyamba.

Achitatu ndi olimbana ndi LRP4, puloteni ina ya pamnofu, ndipo anafotokozedwa koyamba mu 2011. Amapezeka mwa anthu ochepa, amayezedwa m'ma labotale ochepa, ndipo nthawi zina amapezekanso mwa odwala matenda ena a minyewa. Amabwera pomaliza, ndipo tanthauzo lake lisiyireni katswiri.

Funsaninso kuti labotale ikakhala kuti yapeza AChR palibe, idzayeza yokha MuSK pa magazi omwewo kapena mudzafunika kubayidwanso. Funso limeneli lokha lingakupulumutseni masabata angapo.

Nthawi yotenga magazi

Apa ndi pamene zinthu zimalakwika kawirikawiri. Magazi atengedwe chithandizo chokhudza chitetezo cha m'thupi chisanayambe. Kusefa magazi kotchedwa plasma exchange kumachotsa ma antibody omwe tikufufuzawo, ndipo munthu wodwaladi angaoneke ngati alibe. Mankhwala a m'diripi otchedwa IVIG amapangidwa kuchokera ku magazi a anthu masauzande ambiri, choncho amalowetsa m'thupi ma antibody a eni ake amene angasokoneze zotsatira. Ma antibody amenewa, amene ndi a mtundu wa IgG, amatenga pafupifupi masabata 3 kuti theka lake lichoke m'thupi, ndiye chisokonezocho sichitha msanga. Prednisolone ndi mankhwala ena ochepetsa chitetezo nawonso amatsitsa ma antibody pang'onopang'ono. Wodwala akafika ali kayakaya, musachedwetse chithandizo, koma kutenga kabotolo kamodzi ka magazi diripi isanaikidwe kumangofuna mphindi ziwiri. Ngati ndinu womudikirira, palibe cholakwika kukumbutsa anamwino mwaulemu. Ngati chithandizo chayamba kale, yezani ndithu, koma dzina la mankhwala ndi tsiku limene anaperekedwa zilembedwe pafomu.

Simufunika kusala kudya. Pyridostigmine, mankhwala amene ambiri amayamba nawo, sasintha kuchuluka kwa ma antibody, choncho musawasiye chifukwa chokayezetsa magazi. Uzani a ku labotale ngati mwachitidwa opaleshoni yogonetsa tulo m'masiku awiri apitawa, kapena ngati munabayidwa posachedwa mankhwala a radiation ogwiritsa ntchito pojambula m'thupi, chifukwa njira zina zoyezera zimasokonezeka ndi zimenezi.

Kasamalidwe ka magazi

Gawo ili likukhudza kwambiri ogwira ntchito zachipatala, koma wodwala naye ndi bwino alidziwe. Popeza matendawa ndi osowa, ma labotale ambiri sayeza okha. Amatumiza kwina, nthawi zina kunja kwa dziko. Zotsatira zabwino zimadalira mmene magaziwo ayendera.

Chimene chimafunika ndi seramu, madzi achikasu amene amatsala magazi akaundana. Tengani magazi pamtsempha wa pamkono m'kabotolo kopanda mankhwala oletsa kuundana, kawirikawiri ka chivindikiro chofiira kapena chachikasu. Lembani dzina, tsiku lobadwa, tsiku ndi nthawi wodwala ali pomwepo, osati mutafika naye kutali kabotoloko. Kasiyeni kali chiimire kwa mphindi 30 kapena kuposa pang'ono kuti magazi aundane, kenako kazungulitseni m'makina a centrifuge kwa mphindi 10. Tsanulirani seramu m'kabotolo kena koyera. Mililita imodzi kapena ziwiri zimakwana pa ma labotale ambiri. Iyang'aneni powala. Seramu yabwino imakhala yachikasu, yooneka kuseri. Ikafiira ndiye kuti maselo a magazi aphwanyika, mwina chifukwa cha singano yaing'ono kwambiri, kukoka mwamphamvu kapena kukhutchumula kabotolo. Ikayera ngati mkaka muli mafuta ambiri. Zonse ziwirizi labotale ingazikane, ndipo ndi bwino kubaya kachiwiri tsiku lomwelo kusiyana ndi kumva patapita masabata kuti magazi anakanidwa.

Ngati seramu inyamuka m'masiku ochepa, isungeni m'firiji pa madigiri 2 mpaka 8. Ngati ichedwa, iumitseni pa madigiri 20 pansi pa ziro, ndipo musamaisungunule n'kuiumitsanso mobwerezabwereza. Potumiza muiike m'bokosi lozizira, ndipo pewani kutumiza kumapeto kwa sabata pamene ingakagone panjira. Labotale iliyonse ili ndi malangizo ake pa kuchuluka ndi masiku. Imbirani foni musanabaye munthu.

Fomu musailembe mwachidule. Mawu oti "kufooka" okha sathandiza aliyense. Lembani zizindikiro, nthawi imene zakhalapo, ngati zili m'maso mokha kapena thupi lonse, ndi mankhwala amene wodwala walandira. Katswiri amene akuona zotsatira zokayikitsa amagamula potengera zimenezi.

Zimene zimachitika m'labotale

Njira yakale imene ikadali muyezo wa zina zonse imatchedwa RIPA, ndipo mbiri yake ndi yochititsa chidwi. Mu 1973 Jim Patrick ndi Jon Lindstrom anabaya akalulu timalo tolandirira acetylcholine totengedwa ku nsomba yotulutsa magetsi, ndipo akaluluwo anafooka mofanana ndi anthu odwala myasthenia. Umenewu unali umboni wamphamvu woti chitetezo cha m'thupi ndicho gwero la matendawa, ndipo mu 1976 Lindstrom ndi anzake anafalitsa njira yoyezera ma antibody m'magazi a odwala. Njirayi imagwiritsa ntchito ululu wa njoka ya ku Asia ya mtundu wa krait, wotchedwa alpha-bungarotoxin, umene umamatirira zolimba pa timalo tija. Ululuwo amauika chizindikiro chotulutsa radiation chotchedwa iodine-125, n'kusakaniza timalo tokhala ndi chizindikiroto ndi seramu ya wodwala. Ngati muli ma antibody, amagwira timalo tija. Kenako amathira mankhwala okokera pansi ma antibody onse a munthu, n'kuyeza radiation imene yatsikira nawo limodzi. Ikachuluka, ndiye kuti ma antibody analimo ambiri. Zotsatira zimalembedwa mu nmol/L, muyezo wa kuchuluka kwa ma antibody.

Njira ya ELISA siifuna radiation, ndi yotsika mtengo ndipo ma labotale ambiri amaikwanitsa. Kuipa kwake n'kwakuti imalakwitsa kawirikawiri kuposa RIPA, makamaka nambala ikakhala yotsika. Njira yatsopano imatchedwa cell-based assay: amalera maselo m'labotale, n'kuwachititsa kuti atulutse timalo tija tothithikana monga mmene timakhalira pamnofu weniweni, kenako amathira seramu n'kuyang'ana pa maikulosikopu ngati maselowo akuwala. Njira iyi imagwira ma antibody omamatira mofooka amene RIPA imawaphonya, makamaka mwa ana ndi mwa odwala maso okha. Ndiye pepala la zotsatira likabwera, onani kuti alembapo njira iti. Ngati sanalembe, funsani.

Zotsatira zimatenga masiku angapo ngati ayeza pomwepo, kapena masabata ngati atumiza kutali. Musanachoke, funsani tsiku loyembekezera ndi munthu amene adzakuuzeni. Tsikulo likadutsa, tsatirani. Magazi otumizidwa kutali amasochera.

Zotsatira zikati ma antibody alipo

Nambala yanu muiyerekeze ndi malire olembedwa papepala lomwelo, osati ndi ya munthu wina kapena imene mwaona pa intaneti, chifukwa malire amasiyana malinga ndi labotale ndi njira yake. Ngati zizindikiro zikugwirizana ndipo AChR kapena MuSK yakwera moonekeratu, matenda atsimikizika, ndipo nthawi zambiri sipafunikanso kuyeza kwina kotsimikizira. Koma nambala yongopitirira malire pang'ono, makamaka ya ELISA, mwa munthu amene zizindikiro zake sizikufanana kwenikweni ndi myasthenia, iyenera kubwerezedwa ndi njira ina. AChR wotsika amapezeka apo ndi apo mwa anthu odwala matenda ena a chitetezo, mwa amene ali ndi chotupa cha thymus (kachiwalo ka m'chifuwa) koma alibe myasthenia, ndi mwa ena odwala minyewa. Kumuika munthu pa prednisolone kwa zaka chifukwa cha nambala yokayikitsa imodzi ndi kumulakwira kwambiri.

Chimene chimaopsa anthu ambiri ndi kukula kwa nambala. Musachite nayo mantha. Munthu angakhale ndi nambala yaikulu koma chikope chokha ndicho chikugwa, wina n'kukhala ndi yaing'ono ali pa makina opumira. Pa chifukwa chomwechi, kubwereza AChR mwezi ndi mwezi kuti muone ngati mankhwala akugwira n'kutaya ndalama. Dokotala amaona mmene mukumezera, mmene mukupumira ndi mmene mukunyamulira manja.

Mtundu wa antibody ndi umene umasintha chithandizo. Wa AChR ayenera kujambulidwa pachifuwa ndi makina a CT kapena MRI, chifukwa odwala 10 mpaka 15 pa 100 alionse amakhala ndi chotupa pa kachiwalo kotchedwa thymus, kamene kali kuseri kwa fupa la pachifuwa, ndipo chotupacho chimafunika kuchotsedwa. Ngakhale popanda chotupa, kuchotsa thymus kumathandiza odwala ena a AChR amene matenda ali thupi lonse. Wa MuSK nkhani yake ndi ina: opaleshoni ya thymus siimuthandiza, pyridostigmine sagwira bwino ndipo angamubweretsere kukokana kwa minofu ndi malovu ambiri, koma mankhwala ochepetsa chitetezo otchedwa rituximab amagwira bwino kwambiri mwa ambiri. Yezetsaninso chithokomiro, chifukwa matenda ake amayenda limodzi ndi myasthenia mwa anthu angapo ndipo nawo angayambitse vuto la maso.

Kuyambira tsiku limenelo, muziyenda ndi kakhadi kolembedwa dzina la matenda ndi mtundu wa antibody. Pali mankhwala wamba amene angakulitse kufooka mwadzidzidzi: gentamicin, ciprofloxacin, azithromycin, kwinini, magnesium wa m'diripi, mankhwala ena a mtima a gulu la beta-blocker, ndi ofewetsa minofu pa opaleshoni. Sikuti onsewa ndi oletsedwa nthawi zonse, koma wokulemberani mankhwala ayenera kudziwa kaye. Mayi woyembekezera auze azamba msanga. Magnesium sulphate, amene amaperekedwa magazi akathamanga kwambiri pa mimba, ndi woopsa kwa iye. Komanso ma antibody ake amadutsa kupita kwa mwana, ndipo ana 10 mpaka 20 pa 100 alionse obadwa kwa amayi otere amafooka, kulephera kuyamwa kapena kupuma bwino m'masiku oyambirira. Zimatha zokha pakapita masabata, koma mwanayo ayenera kubadwira kumene angamuyang'anire.

Zotsatira zikati palibe

Apa ndi pamene odwala ambiri amatayika, chifukwa mawu akuti "magazi ali bwino" amamveka ngati nkhani yatha. Siinathe. Wodwala mmodzi pa 10 alionse, mwinanso kuposa, sapezeka ndi antibody aliyense pa njira zodziwika, ndipo kwa odwala maso okha chiwerengerocho n'chachikulu kwambiri.

Yambani ndi mafunso osavuta. Kodi MuSK anayezedwa, kapena AChR yekha? Kodi magazi anatengedwa chithandizo chitayamba kale? Anagwiritsa ntchito njira iti? Ngati inali RIPA kapena ELISA, pemphani cell-based assay kumene ikupezeka. Ngati matenda angoyamba kumene, ma antibody angakhale asanachuluke mofika powaona, choncho bwerezani pakapita miyezi 6 mpaka 12, kapena msanga ngati zizindikiro zakula.

Kenako pamabwera kuyeza kwa magetsi. Pa njira yoyamba amagwedeza mnyewa ndi timagetsi tochepa mobwerezabwereza, kawiri kapena katatu pa sekondi, n'kuona ngati mphamvu ya mnofu ikutsika ndi gawo loposa 10 pa 100. Yachiwiri, yotchedwa single-fibre EMG, imagwiritsa ntchito kasingano kopyapyala ndipo imagwira vutoli mwa odwala ambiri kuposa njira ina iliyonse, ngakhale imafuna katswiri wozolowera. Pa kuyeza kumeneku ndi pamene dokotala angakuuzeni kuti mudumphe pyridostigmine kwa maola angapo. Musachite zimenezo panokha.

Dokotala wabwino amaganiziranso matenda ena ofanana nawo. Ngati kufooka kunayambira m'ntchafu ndi m'chiuno, m'kamwa mukuuma, ndipo mphamvu zikukwera pang'ono munthu akangogwiritsa ntchito mnofu kwa timasekondi, angakhale matenda a Lambert-Eaton. Amenewa ali ndi antibody wake wotchedwa VGCC, ndipo pafupifupi theka la odwala amakhala ndi khansa ya m'mapapo yobisika, makamaka osuta fodya, choncho akapezeka mapapo ayenera kujambulidwa mosachedwa. Mwa mwana amene wakhala wofooka chibadwire, kapena pamene abale ake ali ndi vuto lomwelo, chifukwa chake chingakhale cha m'majini osati chitetezo cha m'thupi. Pamenepo ma antibody sadzapezeka, ndipo mankhwala ochepetsa chitetezo sangathandize.

Pepala lililonse la zotsatira, kaya likuti alipo kaya palibe, pemphani kope yake ndipo muijambulenso pafoni. Onetsetsani kuti pakuoneka dzina la antibody, njira yoyezera, nambala, malire a labotale ndi tsiku limene magazi anatengedwa. Pambali pake lembani mankhwala amene munkamwa tsiku limenelo, kuti dokotala wina amene mudzakumane naye adziwe ngati kuyezako kukufunika kubwerezedwa kapena ayi.